Achibale Akati "Mwanayu Mukumuwononga": Kulera Ana m'Ziyankhulo Ziwiri

Tchuthi cha mwezi wa Disembala mlongo wanga adapita kumudzi kwathu, m'mapiri a ku Ntchisi, ndi mwana wake wamkazi wa zaka zinayi. Mwanayo adabadwira ku Lilongwe. Kusukulu ya mkaka komwe amapita amayankhula Chingerezi chokhachokha, ndipo kunyumba bambo ake amamuyankhula Chingerezi pomwe mayi ake amayesetsa kumuyankhula Chichewa. Tsiku lachiwiri m'mawa kamwanako kadapeza nkhuku itakhalira mazira pansi pa nkhokwe, ndipo kadathamangira kwa mayi athu kali wefuwefu, n'kufuula kuti, "Agogo, bwera uone!" Ana ena adafa nako kuseka. Mayi sadaseke. Adanyamuka n'kukaiona nkhukuyo, kenako adabwerera pamphasa pawo osanena kanthu.

Madzulo anthu atadya m'pamene adamuitana mlongo wanga pakhonde. "Iwe, mwanayu mukumulera bwanji? Akunditchula ngati ndine mnzake wosewera naye phada. Ndikamufunsa kanthu angondiyang'ana. Kodi ine ndikadzatsikira kuli chete adzandilira m'chiyankhulo chanji?"

Mlungu umodzi m'mbuyomo, ku Lilongwe konko, mlongo wa mwamuna wake adali atamukhazika pansi pa nkhani yomweyi, koma moitembenuza. "Alamu, Chichewachi musamamuyankhule mwana, chimulepheretsa Chingerezi. Chichewa adzachitola yekha mumsewu." Motero mlongo wanga adanyamuka m'tawuni ali ndi mlandu woti akumupatsa mwana Chichewa chambiri, ndipo adafika kumudzi n'kupeza mlandu woti sakumupatsa chokwanira.

Nkhaniyi ndayiika m'phunziro lathu chifukwa ambiri a ife taima pakhomo pake. Pa koleji pano mnyamata wa ku Madisi amakumana ndi mtsikana wa ku Rumphi, wa ku Mponela amakumana ndi wa ku Mangochi kapena ku Mulanje. Ena tidzagwira ntchito ku Mzuzu, ku Lusaka kapena ku Johannesburg. Ana athu adzakula akumva ziyankhulo ziwiri kapena zitatu, tifune tisafune. Achibale nawo adzayankhulapo, pakuti kwathu kuno mwana sakhala wa anthu awiri okha. Tsono akamatsutsa, tiziwayankha bwanji kuti mwana asataye chiyankhulo, ifenso tisataye abale?

Yambani mwamva chomwe akuopa

Cholakwa chomwe ife ophunzira timachita kawirikawiri ndi kuyankha mawu amene munthu wanena, osafufuza mantha amene ali kuseri kwake. Agogo akati "mukumusandutsa mzungu", timathamangira kuwauza za mayeso ndi za ntchito za m'tsogolo ngati tili pa dibeti. Iwo amangoti, "Chabwino, ophunzira ndinu," n'kutseka pakamwa. Ife timayesa tapambana, chikhalirecho atiuza mwaulemu kuti ndife osamva.

Mayi athu sadana ndi Chingerezi. Ndi iwo omwe ankagulitsa mtedza ndi soya kuti ife tikaphunzire Chingerezicho. Chomwe adaona m'mawa uja n'chakuti mdzukulu wawo alibe mawu owafikira nawo, ndipo tikaganiza mofatsa adaona zoona. Chingerezi chili ndi liwu limodzi lotchulira mnzako wa m'kalasi ndi apongozi ako. Chichewa chimasiyanitsa iwe ndi inu, bwera ndi bwerani. Mwana uja sadachite mwano, adangotenga kachitidwe ka chiyankhulo china n'kukaika m'Chichewa. Koma khutu la kumudzi silimva zimenezo. Limamva mwano, ndipo chala chimaloza mayi wake.

Taonaninso mawu a chibale. Ine mwanayo amanditcha ankolo. Mng'ono wa bambo ake amamutchanso ankolo, ngakhale wakabaza amene amakamutula kusukulu ndi ankolo. Koma kwa Achewa a ku Ntchisi ndi ku Dowa, amene mtundu timawerengera kuchikazi, ine sindine ankolo wamba. Ndine atsibweni ake, ndipo tsiku lina nkhani ya ukwati wake, ya munda wake, ngakhale ya maliro a pabanja pake idzadutsa m'manja mwanga. Mng'ono wa bambo ake ndi bambo aang'ono. Mlongo wa bambo ake ndi azakhali, pomwe mng'ono wa mayi ake ndi mayi aang'ono. Ana a azakhali ndi asuweni ake amene angathe kuseka nawo momasuka, koma ana a mayi aang'ono ndi abale ake enieni. Mawu amenewa amamuuza mwana kuti pamaliro akhale pati, ndipo mavuto akamugwera athamangire kwa yani. Onsewa akasanduka ankolo ndi anti, mwana amakhala m'mudzi mwake ngati mlendo. Agogo sangakufotokozereni motere, koma ndi zimene akulira.

Mantha oti chiyankhulo chikhoza kufera m'banja si maloto, ndipo umboni wake uli m'mapiri athu omwewa. Angoni adawoloka Zambezi mu 1835 akuyankhula chiyankhulo cha kumwera, chofanana ndi Chizulu. Gulu lina lidadzakhazikika ku Dowa pansi pa Chiwere, ndipo pamene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok ankatsegula mishoni ya Mvera mu 1889, adalowa m'dziko la mfumu ya Chingoni imeneyi. Angoni ndiwo adali ndi mphamvu. Koma amuna awo adakwatira akazi a Chichewa, ana n'kukulira kumsana kwa amayi ndi agogo oyankhula Chichewa, ndipo patapita mibadwo yowerengeka Chingoni chidangotsala m'nyimbo za ngoma, m'ziwongo ndi m'mayina a maufumu. Pitani lero kwa Chiwere, kwa Msakambewa kapena kwa Vuso Jere ku Ntchisi, mukamve chomwe ana akuyankhula pamjigo. Ku Mzimba chidalowa m'malo ndi Chitumbuka, kwa Mpezeni ku Chipata chidalowa Chinsenga. Palibe mfumu yomwe idalamula kuti Chingoni chife. Chidazilala chifukwa ana sankachifunanso popempha madzi, podandaula njala kapena pokangana ndi anzawo.

Musanapitirire kuwerenga, tawerengani ziyankhulo zomwe agogo anu ankayankhula, kenako muwerenge zomwe inu mumayankhula. Ambiri mupeza kuti china chidagwa panjira, ndipo palibe amene akukumbukira tsiku lomwe chidagwa.

Zoterezi zikuchitikabe ngakhale ku Ulaya. Katswiri wa ziyankhulo za ana, Annick De Houwer, adafufuza mabanja pafupifupi 2,000 a ku Belgium momwe munkamveka chiyankhulo china kuwonjezera pa Chidatchi. Zotsatira zake, zomwe zidatuluka mu 2007, zidaonetsa kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana anayi alionse ankangoyankhula Chidatchi, chiyankhulo cha kusukulu ndi cha mumsewu, osachiyankhula cha makolo chija ngakhale ankachimva m'nyumba. Zinkayenda bwino kwambiri m'mabanja momwe makolo onse awiri ankachigwiritsa ntchito chiyankhulo cha kwawocho. Chomwe chimatayika nthawi zambiri ndi chiyankhulo chomwe sukulu siichifuna.

Apa mpamene mawu aja oti "Chichewa adzachitola mumsewu" amaperewera. Mwana wa m'nyumba ya mpanda, amene amachoka pa galimoto n'kulowa m'kalasi, kuchoka m'kalasi n'kukhala pa wailesi ya kanema, mumsewumo alowamo liti? Ndipo akalowamo adzatola "bho" ndi "shapu", osati "mwaswera bwanji, agogo". Kwa amene akulera ana ku Johannesburg, kapena amene chiyankhulo chawo ndi Chiyawo koma akukhala ku Mponela, msewu woti mwana atoleko chiyankhulocho kulibe n'komwe.

Amene akuopera Chingerezi

Azakhali aja nawonso sakuyankhula zopanda mutu. Wolephera Chingerezi pa mayeso a MSCE satenga satifiketi, ngakhale atakhoza bwanji masamu ndi sayansi. Malamulo oyendetsera dziko lino amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro udauza masukulu kuti kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, koma lamulo la zamaphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 boma lidalengeza kuti zimenezi ziyambire Sitandade 1. Komanso ambiri a ife tidakula tikulandira chibalo chifukwa choyankhula Chichewa pabwalo la sukulu, ena kutchetcha udzu, ena kukumba dzenje la zinyalala. Kuchokera pamenepo tidakhulupirira kuti ziyankhulo ziwirizi zimalimbirana mbale imodzi, kuti china chikadya kwambiri chinzake chigona ndi njala.

Nkhawayi idayesedwapo, ndipo idayesedwera pa ana athu omwe. M'zaka za m'ma 1990 Eddie Williams adayerekeza kawerengedwe ka ana a ku pulayimale a m'Malawi ndi a ku Zambia. Nthawi imeneyo ana a m'Malawi ankaphunzira m'Chichewa zaka zinayi zoyambirira, Chingerezi chili phunziro chabe, pomwe anzawo a ku Zambia ankaphunzira chilichonse m'Chingerezi kuyambira chaka choyamba. Munthu akadayembekezera kuti a ku Zambia awasiya kutali anzawo pa Chingerezi. Sizidatero. Pa kuwerenga Chingerezi magulu awiriwa sadasiyane kwenikweni, koma pa kuwerenga chiyankhulo cha kwawo ana a m'Malawi adawaposa kwambiri anzawo omwe ankayesedwa Chinyanja. Kuchotsa chiyankhulo cha kunyumba sikudawonjezere Chingerezi, kudangochepetsa chinacho.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Luso lowerenga munthu amaliphunzira kamodzi. Mwana akazindikira kuti zilembo zimaimira maliwu, ndipo m'Chichewa izi zimafulumira chifukwa timalemba monga momwe timatchulira, salibwerezanso lusolo akafika pa Chingerezi. Chimodzimodzi luso lofotokoza nkhani kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, lofunsa kuti "chifukwa chiyani", losiyanitsa chachikulu ndi chaching'ono. Mwana amene wamva nthano zambiri kwa agogo amafika m'kalasi ali ndi pokolowekapo mawu atsopano.

Pali chinanso chomwe sitikonda kuvomereza. Makolo ena amene adaletsa Chichewa m'nyumba Chingerezi chawo n'chongolamulira: bwera kuno, khala pansi, siya zimenezo. Sangathe kumunyengerera nacho mwana akamalira, kumufotokozera chifukwa chake mvula imagwa, kapena kumuseketsa. Mwana wotere amakula ndi chiyankhulo chowonda mbali zonse ziwiri. Kholo lipatse mwana chiyankhulo chomwe lili nacho chochuluka. Sindikunena kuti Chingerezi chichedwetsedwe kapena chinyozedwe ayi. Chimafuna mabuku, aphunzitsi abwino ndi munthu wocheza naye mwanayo, ndipo azakhali amene amachidziwa bwino angathandize kwambiri pamenepa. Chomwe sichifunika ndi kupha Chichewa kuti Chingerezi chimere.

"Asokonezeka mutu, achedwa kuyankhula"

Mawu awa mudzawamva kumudzi ndi m'tawuni momwe, nthawi zina ngakhale kwa anthu ophunzira. Ali ndi mbiri yake. Mu 1923 D.J. Saer adayesa ana a ku Wales ndipo adati oyankhula ziyankhulo ziwiri, makamaka a kumidzi, adali otsalira m'nzeru. Maganizo amenewa adafala kwa zaka zambiri, mpaka anthu adazindikira kuti mayeso ambiri a nthawi imeneyo sankalabadira umphawi wa mabanja a anawo, kapena chiyankhulo chomwe ankafunsidwira mafunso. Mu 1962 Elizabeth Peal ndi Wallace Lambert adayesa ana a zaka khumi ku Montreal, atasamala kuti ayerekeze ana ochokera m'mabanja ofanana, ndipo oyankhula Chifalansa ndi Chingerezi adachita bwino kuposa oyankhula Chifalansa chokha.

Koma musapite kwa apongozi n'kukawauza kuti mwana wanu adzakhala wanzeru kuposa adzukulu awo ena. Zoti ziyankhulo ziwiri zimawonjezera nzeru akatswiri akukanganabe, komanso mawu otere ndi oputa mkangano. Chomwe chidakhazikika n'chakuti sizimuwononga mwana. Amayamba kutchula mawu oyamba akamakwanitsa chaka, n'kuyamba kulumikiza mawu awiri akamafika zaka ziwiri, monga mwana wina aliyense. Agogo akawerenga mawu a Chichewa okha angaone ngati ndi ochepa, aphunzitsi akawerenga a Chingerezi okha angaonenso choncho, koma mukaphatikiza mbali zonse mupeza kuti nkhokwe yake njodzaza. Kusakaniza nako si kusokonezeka. Mwana akasowa liwu m'chiyankhulo china amabwereka kwinako, monga momwe ife timanenera kuti "ndikufonera ndikafika pa depoti" popanda wotitengera kuchipatala.

Kwa wachibale wa ku Dowa, umboni womveka suli ku Montreal koma ku Dzaleka. Malo amenewa, omwe kale adali ndende ya akaidi a ndale, adasanduka msasa wa anthu othawa kwawo mu 1994, ndipo lero kuli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Aliyense amene adagulitsapo tomato kapena mbatata pamsika wa kumeneko adaonapo mwana akutsatsa malonda m'Chichewa, n'kutembenukira kwa mnzake m'Chiswahili, n'kuwayankha mayi ake m'Chirundi, mawa lake ali m'kalasi ndi Chingerezi. Mavuto ali nawo ambiri ana amenewa, koma kusokonezeka mutu ndi ziyankhulo si limodzi mwa mavutowo. Afunseni atsibweni mwaulemu ngati adamuonapo mwana wotere. Adzayankha okha.

Chenjezo limodzi ndi ili. Ngati mwana wafika zaka ziwiri osatchula liwu lililonse m'chiyankhulo chilichonse, kapena satembenuka mukamuitana kumbuyo, musataye nthawi n'kukangana za ziyankhulo. Pitani naye kuchipatala akamuyeze makutu. Mafinya a m'khutu osachiritsidwa, malungo a muubongo ndi matenda oumitsa khosi zimatha kuwononga kumva ndi kuyankhula. Kuchotsa chiyankhulo chimodzi sikuchiritsa zimenezi, kumangochedwetsa thandizo.

Chikakhala chiyankhulo cha mtengwa kapena cha mkamwini

Apa ndiye pamavuta kwenikweni, chifukwa nkhani simakhalanso ya mayeso. Mtsikana wa ku Rumphi wakwatiwa ku Dowa, ndipo akamamusambitsa mwana amamuyankhula Chitumbuka. Apongozi amamva okha kuseri kwa bafa n'kuyamba kudandaula: "Akutinena ameneyu. Akufuna mwanayu akhale wakwawo." Mkamwini wa ku Machinga akamaseka ndi mwana wake m'Chiyawo, eni mbumba amayang'anana.

Ine ndine Mchewa, ndipo ndinene za ife. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party udagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha dziko pambali pa Chingerezi, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'masukulu. Chidabwerera pa wailesi ya MBC mu 1994. Kuyambira nthawi imeneyo ife a chigawo chapakati tidazolowera kuti aliyense aziphunzira chathu, ife osaphunzira cha mnzathu. N'chifukwa chake chiyankhulo chachilendo chikamveka pakhomo pathu timachimva ngati chiwembu, pomwe mtengwa uja akungochita chomwe mayi aliyense amachita, kuyankhula ndi khanda lake m'mawu omwe mayi ake adamuyankhulira. Gawo 26 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chomwe wasankha. Komabe sindikulangizani kukawerengera apongozi malamulo a dziko. Dziwani zimenezi mumtima kuti musadzione olakwa, koma pakhonde pamafunika mawu ena.

Abale a mumpingo nthawi zina amatsegula Nehemiya 13, pomwe Nehemiya adakwiya atapeza ana a Ayuda akuyankhula Chiasidodi. Werengani nawo ndimeyo modekha. Chomwe chidamupweteka n'chakuti anawo sankatha kuyankhula Chiyuda, chiyankhulo chomwe akadamvera chilamulo ndi mapemphero a makolo awo. Dandaulo lake lidali la chiyankhulo chotayika, lofanana ndi la mayi athu pakhonde paja, osati la mwana wodziwa ziwiri. Ndipo pa Machitidwe 21 ndi 22 Paulo akuyankhula ndi mkulu wa asilikali m'Chigriki, kenako akutembenukira kwa khamu m'Chihebri, khamulo n'kukhala chete litamva chiyankhulo chake.

M'banja lotere wofunika kuyankhula ndi mwini abale. Mtengwa asadziteteze yekha pamaso pa apongozi ake. Mwamuna wake ndiye apite kwa mayi ake n'kunena kuti, "Amayi, ndine ndidamupempha kuti azimuyankhula mwana Chitumbuka, kuti akapita kwa agogo ake ena asakakhale bubu. Chichewa ndiye tikudalira inu." Mtengwayo naye athandize. Apongozi akakhala pafupi, amasulire mwachidule zomwe wamuuza mwana: "Ndamuuza kuti akupatseni moni." Ndipo chiyankhulocho chisagwiritsidwe ntchito ngakhale kamodzi pojeda munthu amene ali pomwepo. Anthu samva mawu koma amamva dzina lawo, amaonanso maso. Mukagwidwa kamodzi, chikayikocho simudzachichotsanso.

Njira yoti kholo lililonse liziyankhula chiyankhulo chake ndi yakale. Jules Ronjat adalemba mu 1913 momwe iye ankamuyankhulira mwana wake Louis Chifalansa pomwe mkazi wake ankamuyankhula Chijeremani. Imathandiza, koma si lamulo. Mabanja ena amasankha kuti m'nyumba muzimveka chiyankhulo chimodzi, china chikhale cha kusukulu. Chofunika n'chakuti mwana azichimva chiyankhulocho tsiku ndi tsiku, ndipo pakhale munthu amene amamukonda yemwe sangamufikire popanda icho.

Kakambidwe kake

Gwirizanani kaye awirinu musanapite kwa wina aliyense. Achibale amadziwa msanga pamene pali mng'alu, ndipo ngati mwamuna akuti china mkazi china, nkhani ya chiyankhulo imasanduka nkhani ya ukwati. Mukagwirizana, aliyense akambe ndi akwawo, pambali, mwana kulibe. Pamaliro, paukwati kapena anthu akutuluka m'tchalitchi si malo ake, chifukwa wamkulu akatsutsidwa pagulu amateteza ulemu wake osati mfundo yake.

Yambani ndi funso, ndipo mudikire yankho lonse: "Amayi, chikukudetsani nkhawa n'chiyani pa mwanayu?" Pomwe akunena zoona vomerani poyera. Mlongo wanga adapepesa za "bwera" uja, sadanene kuti ndi mwana sadziwa kanthu. Kuvomera kumodzi kotere kumatsegula makutu kuposa zaka ndi mayina onse omwe ndalemba pamwambapa. Zimenezo ndakupatsani kuti inuyo mulimbe mtima, ndipo muzitulutse pang'ono pokha ngati mwafunsidwa.

Kenako, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani, mupatseni wotsutsayo ntchito. Munthu amene wangouzidwa kuti asiye kudandaula amadandaulabe chamumtima, koma amene wapatsidwa gawo amayamba kuuona mwanayo ngati munda wake. Kwa agogo nenani kuti, "Ife Chichewa chathu n'cha m'tawuni, n'chosakaniza. Mwanayu tikumupereka kwa inu, mumuphunzitse moni, nthano ndi mayina a abale." Kwa azakhali okonda Chingerezi nenani kuti, "Inu mumachidziwa kuposa ife. Muzibwera kudzamuwerengera mabuku." Simukuwanyengerera ayi, mukunena zoona, pakuti makolo awiri okha sangakwanitse kudzaza ziyankhulo ziwiri m'mwana.

Muwapemphenso chinthu chimodzi, kuti asamamuseke. Mwana akalakwitsa liwu anthu n'kugwa nacho chiseko, kapena akayamba kumutcha "kamzungu", amaphunzira msanga kuti kutseka pakamwa n'kotetezeka. Ana ambiri amene timati "amamva koma sayankhula" adasiyira pamenepa. Wamkulu angobwereza liwulo molondola n'kupitiriza kucheza. Akati "bwera", agogo ayankhe kuti, "Ukuti bwerani? Ndikubwera, mdzukulu wanga." Ngati wina afika pomumenya kapena kumunyoza mwana chifukwa cha chiyankhulo, pamenepo kholo liyime nji, mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo. Zikakula mpaka kugwedeza banja, ankhoswe alipo chifukwa cha zomwezi.

Ena sadzagonja ngakhale mutachita zonsezi. Si kofunika kuti avomereze. Athokozeni chifukwa chomuganizira mwana, pitirizani zomwe mudagwirizana, ndipo musaleke kupita naye kwawo. Makolo ena akadzudzulidwa kamodzi amaleka kupita ndi ana kumudzi, motero amakwaniritsa ndi manja awo chomwe agogo ankaopa chija.

Kwathu zidayenda motere. M'mawa mwake mlongo wanga adamuphunzitsa mwana kugwada ndi kunena kuti "mwadzuka bwanji, agogo", ndipo adamusiya m'manja mwa mayi masiku onse otsalawo. Mayi ankapita naye kudimba, akumutchulira bonongwe, chisoso ndi nkhwani, iye akubwereza mokhota, ana ena ataletsedwa kuseka. Madzulo ankati "Ndagi!" iye n'kuyankha "Gize!" ngakhale sankadziwa yankho la ndagi iliyonse. Azakhali aja sadasinthe maganizo mpaka lero. Amanenabe kuti tikumuchedwetsa mwana, koma adamugulira mabuku atatu a zithunzi ndipo Lamulungu masana amabwera kudzamuwerengera.

Mwezi wa Januwale ndidali kumudzi pamene mlongo wanga adaimba pa WhatsApp kudzera pa foni yanga. Mwana adalanda foniyo. "Agogo, mwadzuka bwanji? Nkhuku ija yahacha?" Mayi adanditembenukira n'kufunsa kuti kuhacha n'kutani. Nditawauza, adaibweza foniyo kukhutu. "Yaswa, mdzukulu wanga. Nena kuti yaswa. Anapiye adalipo asanu ndi awiri, koma awiri watenga kabawi." Kumbali inayo kudakhala chete pang'ono, kenako tidamva akuwafunsa mayi ake kuti kabawi ndi ndani.